Mwana wanga wayamba kukana Chitumbuka chifukwa cha sukulu

Mayi wa ku Area 25:
Ine ndi bambo akunyumba, tonse kwathu ndi ku Rumphi, ndipo mwana wathu wamkazi wakula akumva Chitumbuka m'nyumba muno mu Lilongwe. Chiyambireni Sitandade 2, tikamuyankhula m'Chitumbuka amayankha m'Chichewa. Sabata yatha agogo ake atamufunsa pafoni kuti "Uli makora?" iye anangoti chete, kenako anandinong'oneza kuti anzake amamuseka akamva katchulidwe kake. Kodi mwana wochita manyazi chonchi adzadzitchabe Mtumbuka akadzakula?

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, mwanayo sanalakwe, wangoona msanga mmene sukulu imasanjira ziyankhulo. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalola kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku ake sanafike m'manja mwathu, kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. Choncho mwana amaona Chingerezi pa bolodi, amamva Chichewa pa buleki, koma chiyankhulo cha amayi ake sachipeza paliponse, ndipo amayamba kuganiza kuti n'chosayenera kutuluka nacho pakhomo. Kambiranani ndi aphunzitsi ake, chifukwa ndinaonapo kuti mphunzitsi akangopempha mwana wotere kuti aphunzitse anzake moni wa kwawo, kusekako kumachepa.

Bambo wa ku Thyolo:
Ndikufuna kukulimbitsani mtima, ngakhale kuti langa ndi dandaulo. Ine Chilhomwe sindichidziwa, monganso anzanga ambiri amene tinakulira limodzi, komabe ndikapita ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ng'oma ya tchopa ikalira, sindikayika kuti ndine ndani. Mtundu sutha msanga ngati chiyankhulo. Chimene chimandipweteka n'chakuti agogo anga anamwalira ndi nthano zawo, chifukwa pamene ankazifotokoza ine ndinkangomva phokoso chabe. Inu mudakali ndi mwayi umene ine ndinautaya, poti wanuyo akumva zonse.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Ndikaonana ndi aphunzitsi ake Lolemba, ndipo pa tchuthi chikubwerachi ndimutumiza ku Rumphi kuti akasewere ndi abale ake, kumene wosadziwa Chitumbuka ndiye amakhala mlendo.