Kodi boma lingabweze mawu ake ovomereza dziko lina?

Nachisale, Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni. Mu Januwale 2008 boma la Bingu wa Mutharika linalengeza kuti lathetsa ubale ndi Taiwan, womwe unayamba mu 1966, n'kugwirana chanza ndi boma la China la ku Beijing. Kodi pamenepo Malawi ananena kuti Taiwan si dziko? Malamulo a pakati pa mayiko amalola zimenezi?

Gomani wa ku Kawale: Achemwali, kuvomereza dziko n'kwina, kuvomereza boma n'kwinanso. Mu 1966 Malawi anavomereza boma la ku Taipei, likulu la Taiwan, lotchedwa Republic of China, kuti ndilo boma la China. Mu 2008 anangosamutsira chivomerezocho ku Beijing. Dziko linali lomwelo, China. Chinasintha n'chakuti wolilankhulira ndani. Bungwe la United Nations linachita zomwezo mu 1971 ndi chigamulo nambala 2758. Kusintha kotere malamulo sakukaniza.

Mayi Nabanda, Area 47: Zoona, achimwene, koma nkhani yovuta ndi ya Western Sahara, dera lomwe Morocco imati ndi lake pomwe ofuna ufulu analengeza kuti ndi dziko la Sahrawi. Kumeneko Malawi anavomereza dziko lenileni la Sahrawi, kenako anabweza mawu mu 2017, ndipo mu 2021 anatsegula ofesi yoimira dziko lathu mumzinda wa Laayoune ku Western Sahara komweko, womwe uli m'manja mwa Morocco. Pangano la Montevideo la 1933, lonena za maufulu ndi maudindo a mayiko, gawo 6, limati chivomerezo sichibwezedwa. Koma panganolo ndi la mayiko a ku America, Malawi sanasainire, n'chifukwa chake akatswiri amatsutsanabe. Ine ndimaona kuti kubweza mawu sikufafaniza dziko. Mpaka lero nthumwi zathu zikapita ku African Union ku Addis Ababa zimakhala m'chipinda chimodzi ndi za Sahrawi, poti Sahrawi ndi membala.

Che Mbewe, Biwi: Ndiwonjezere za kachitidwe kake. Unduna wa zakunja umalembera kalata ofesi ya kazembe ndi kupereka nthawi yoti alongedze. Pangano la Vienna la 1961, lonena za ukazembe, gawo 45, limalamula kuti nyumba, katundu ndi mafailo a ofesiyo zitetezedwe ngakhale ubale utatha. Mkangano umabuka boma lomwe langovomerezedwa kumene likati katunduyo ndi wa dziko lomwe ilo likuimira tsopano.

Koma opweteka kwambiri ndi anthu wamba, chifukwa zokambirana zimachitika mwachinsinsi ndipo sipakhala nthawi yosiyirana ntchito. Madokotala a ku Taiwan anachoka pachipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe boma lawo linamanga, ndipo msewu wa Karonga–Chitipa unadikira mpaka a China anadzaumaliza. Nyumba ya Malamulo ya ku City Centre, yomwe a China anamanga, inabwera pambuyo pake, mu 2010.