Tinakangana ndi adokotala pa bedi la wodwala, tsopano sitilankhulana

Nesi wa ku Chilenje:

Anzanga a ntchito ino, ndithandizeni maganizo. Ndine nesi kuno ku Lusaka, mu wodi ya odwala amene matenda awo sachiritsika. Dzina la chipatala sinditchula.

Masabata atatu apitawo tinali ndi agogo ena a khansa ya khomo la chiberekero yomwe inali itafika m'mafupa. Ankamwa morphine wamadzi, mankhwala amphamvu oletsa ululu, maola anayi alionse, koma ola lachitatu likamakwana ankaluma nsonga ya chitenje kuti asabuule. Ukawafunsa ankangoti, "Ndili bwino mwana wanga, kaone anzanga." Usiku wina ndinapeza chitenjecho chanyowa ndi malovu, nsonga yake itabooka.

Ndinaitana adokotala a usiku, achinyamata ongoyamba kumene, kuti tionjezere mankhwala. Anakana, akuti agogo afooka, morphine awabanikitsa. Ndinawauza kuti ndawerenga, akupuma ka 18 pa mphindi, ali maso, akulankhula. Anati tidikire akuluakulu m'mawa. Mtima unandipsa. Mwana wa agogowo ali pomwepo pa mphasa, ndinati, "Mukusamala dzina lanu, munthu akufa ndi ululu."

Kutacha adokotala aakulu anaonjezeradi. Agogo anagona tulo, ndipo patapita masiku anayi anatisiya. Chiyambire tsikulo, ine ndi adokotala aja ndi moni wokha. Malangizo amangolemba mu fayilo n'kuisiya patebulo. Ine tulo sindikupeza, mu minibasi ndimangoona chitenje chija, kunyumba ana ndikuwakalipira ngakhale pa kapu yosatsuka. Kodi ndipepese pomwe sindinalakwe? Kapena ndipemphe andisinthe wodi?

Sisita wopuma, Matero:

Pepa mwana wanga. Usasinthe wodi, kumene upiteko chitenjecho chikutsatira.

Nkhani zili ziwiri pamenepa ndipo wazimanga mtolo umodzi. Pa mankhwala sunalakwe. Pamene unalakwa ndi malo. Mayi uja anali pa mphasa anapita kwawo ndi mawu ako, ndipo pa maliro anafotokoza kuti amayi ake anazunzika usiku wonse chifukwa cha dokotala. Ukapepese kwa dokotalayo zimenezo, zokhazo. Umuuze kuti zoitana usiku uziitanabe.

Ife nthawi ya Edzi, ma ARV asanabwere, tinkasambitsa mitembo mpaka manja kuchita makwinya, kenako n'kumatukwanizana chifukwa cha beseni kapena magolovesi. Zinanditengera zaka kuti ndizindikire kuti sitinkalimbirana beseni. Tinkalira maliro, koma polirira panalibe. Mnzanga wina tinakhala osalankhulana mpaka anamwalira, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Clinical officer, Kanyama:

Asisita, mundilole ndilankhuleko kumbali ya adokotalawo, chifukwa mantha amenewo inenso ndinali nawo. Kusukulu chimene chimakhazikika m'mutu za morphine n'choti amachepetsa kupuma. Dzina lako limalembedwa pa mankhwalawo, ndipo wodwala akamwalira abale ena amanena kuti tinamubaya jekeseni womaliza. Ukakhala wekha 2 koloko usiku, dzanja limalemera.

Zoona zake, kwa munthu amene wakhala akumwa kale morphine, kuonjezera pang'onopang'ono uku ukuyang'anira kupuma ndi kugona kwake ndiye chithandizo choyenera. Ululu ukabuka nthawi isanakwane, pamakhala mlingo wapadera, womwe nthawi zambiri umakhala gawo limodzi mwa magawo 6 a mankhwala a tsiku lonse. Funso langa ndi ili: bwanji mlingo umenewu sunalembedwe masana pa raundi, pamene madokotala amayendera odwala? Ukanalembedwa, inu mukanangopereka, mkangano sipakanakhala. Apa ndiye pofunika kukonza, osati mnyamatayo yekha. Ku Uganda, kumene Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa, bungwe losamalira odwala matenda osachiritsika, mu 1993, boma linalola mu 2004 kuti manesi ophunzitsidwa bwino ntchitoyi azilembera okha odwala morphine, kuti munthu asagone ndi ululu podikira dokotala.

China, agogowo anamwalira masiku anayi mankhwala ataonjezeredwa. Alipo amene anakhala pansi ndi adokotalawo kuwafotokozera kuti inali khansa? Mwina kukhala chete kwawoko si mkwiyo.

Mayi wa home-based care, Kalingalinga:

Ine si nesi, ndimangoyendera odwala m'makomo kudzera ku tchalitchi. Potiphunzitsa anatiuza za Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, kuti ululu wa munthu suli m'thupi mokha, ulinso m'maganizo, m'banja ndi mu mzimu. Asisita a ku Chilenje, zimenezi zikukhudza inunso. Ife wodwala wathu akamwalira timapita ku maliro, timakhala pansi ndi azimayi anzathu, timalira. Inu mumachotsa nsalu, bedi lomwelo pagona wina dzuwa lisanalowe. Pezani munthu wouza zimenezi pakamwa, ndipo tulo tikapitirira kusowa mukaonane ndi aphungu, palibe chamanyazi.

Nesi wa ku Chilenje:

Zikomo nonse. Dzulo ndinawapeza m'kachipinda kathu ka tiyi, ndinatseka chitseko. Ndinati, "Adokotala, mawu aja sanayenere kutuluka pamaso pa abale, mundikhululukire." Anakhala chete akutakasa shuga nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Asisita, kodi agogo aja sitinawafulumizitse?" A ku Kanyama, munalasa. Masabata atatu onsewa anali atasenza funso limeneli okha.

Tinatenga fayilo n'kuona limodzi kapumidwe ka masiku anayi aja, tsamba ndi tsamba. Sikanatsike mpaka usiku womaliza. Ndinawauzanso za chitenje, chifukwa iwo sanachione.

Tulo sindinayambe kupeza bwino. Koma asisita oyang'anira wodi avomera kuti mlingo wapadera uzilembedwa pa raundi ya m'mawa, komanso kuti Lachisanu lomaliza la mwezi tizikhala pansi theka la ola kutchula mayina a amene atisiya. Amene mumachita kale zotere, amatsogolera ndani? Ndikuopa kuti akatsogolera abwana, achinyamata sadzatsegula pakamwa.