Ndithandizeni, masamba ndi zipatso zikundiwolera m'golosale

Membala wobisa dzina: Abale anga, ndipatseniko nzeru. Ndili ndi kagolosale pakona ya msewu wathu. Agogo ndi amayi a ana aang'ono ankadandaula kuti akafuna masamba kapena zipatso amayenda mtunda wautali, ndiye ndinayamba kupikulako. Koma zikungowola, ndikumataya. Kwinaku eni nyumba akweza lendi, alamu anga amatenga katundu pangongole osabweza, ndikawakumbutsa amakandinenera kwa amuna anga kuti ndine wamwano. Tulo sindikuliona. Ndisiye? Anthuwa ndimawamvera chisoni.

Mphunzitsi Wopuma: Musasiye mayi! A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu azidya zipatso ndi masamba osachepera magalamu 400 pa tsiku, mchere usafike magalamu 5. Koma lowani m'golosale zambiri, chokulandirani pakhomo ndi masiwiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera. Ndiye tizidabwa matenda a shuga?

Make Mapasa: Za alamuzo mwanditokosa pachilonda. Yanga ndinatseka chifukwa cha achibale. Kope la ngongole linadzaza, mashelefu ali mbee. Lero akandiona amayang'ana kumbali.

Jahena Boy: Mumatayira kuti anti? Enafe tabwera ndi mbale 😂

Mphunzitsi Wopuma: Mwana iwe, mayiwa akulira, iwe ukuseka?

Wageni: Aphunzitsi, lendiyo muziwalipirira ndinu? Bisiketi imatha miyezi pashelefu, masamba mawa lake afota. Phindu lili pa zakumwa zomwe mukunyozazo.

Mphunzitsi Wopuma: Phindu lodwalitsa ana a anzanu? Pagolosale mpamene nkhalamba yokhala yokha imapeza woilonjera. Mpamene timamva kuti uje wadwala, uje akufuna waganyu. Mwana akasochera amathamangira pomwepo poti mwini wake amamudziwa dzina. Kusupamaketi ndani angakufunseni kuti kunyumba kwacha bwanji?

Mlimi wa Kudimba: Mayi, simunatiuze, firiji muli nayo? Nanga mumapikula zochuluka bwanji? Nthochi ndi tomato zikamapsa zimatulutsa mpweya wa ethylene, umene umapsetsa zinzake msanga, masamba nkuchita chikasu. Musaziunjike pamodzi. Masamba aikeni pamthunzi, muwafunditse nsalu yonyowa.

Wageni: Mawu okomawo sagula katundu, aphunzitsi.

Mphunzitsi Wopuma: Inu ndi amene mukuwononga mbadwo uno! Ndaphunzitsa ana obwera m'kalasi mano atabooka ndi masiwiti.

Anganga: Mwananga, uzipikula zothera tsiku lomwelo. Zina uikepo zosawola msanga monga nyemba, mtedza ndi anyezi. Zikayamba kufota tsitsa mtengo madzulo, bola kusiyana nkutaya.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu aja abweranso m'mawa uno, atenga mazira. Mtima ukundiwawa.

Make Mapasa: Mwaona? Ndimomwe anayambira anga.

Mlimi wa Kudimba: Nanga za firiji zija, mayi?