Ndigule iti yoyendera m'tinjira ta m'phiri: DT125, DT175 kapena YZ125?

Wakuchinamwali:

Moni nonse. Ndikufuna njinga yamoto yaing'ono ya two-stroke, yoyendapo kale, yoti Loweruka ndizikwera nayo tinjira ta m'phiri la Zomba ndi misewu yafumbi yotsikira ku Chingale. Za mpikisano ayi. Ndine wamtali 1.68 m, makilo 70, ndipo ndayendetsa njinga wamba ya four-stroke pa tala zaka ziwiri. Ndapeza zitatu, zonse za Yamaha: DT125 yomwe inali ya bungwe lina, DT175 ya munthu wa ku Limbe amene anachotsamo pampu ya oyilo, ndi YZ125 ya 2004 yochokera ku Joni, koma mapepala ake ndi osakwanira. Kunena zoona YZ ndi imene yanditenga mtima. Ndiyang'ane chiyani ndisanatulutse ndalama?

Sipanala17:

Achimwene, YZ ija iwaleni kaye. Anaipangira bwalo la motocross, kumene munthu amatsegula moto wonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mphamvu yake ili pamwamba pokhapokha. Pansi mulibe kanthu, ndipo flywheel yake (gudumu lolemera lothandiza injini kuzungulirabe) ndi yopepuka, choncho pa chitunda cha miyala pamene mukufuna kukwawa pang'onopang'ono imangozima, kapena mumalize kilatchi poiseweretsa. Ilibe magetsi, ilibe sitandi, thanki ndi ya malita 8 okha, rediyeta ilibe fani ndiye madzi amawira mukamayenda pang'onopang'ono, ndipo mpando uli pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi. Pa msinkhu wanuwo muzidzaponda pansi ndi chala chimodzi. Pisitoni ndi ring'i zimafuna kusintha pakatha maola makumi angapo, osati zaka.

DT ndi ina. Injini yozizira ndi mphepo, mpando cha m'ma 84 cm, tayala la 21 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, ndipo makaniko aliyense amene anagwirapo njinga za alangizi amaidziwa ngati chikhatho chake. Pakati pa ziwirizo, 175 imakoka bwino pansi chifukwa pisitoni yake ndi ya 66 mm pamene ya 125 ndi 56 mm, koma kulemera n'kofanana ndithu. Komabe musagule nambala. DT125 yathanzi iposa DT175 yotha.

Uzani mwini wake kuti asailize inu musanafike. Mukafika gwirani silinda ndi dzanja: ikakhala yofunda ndiye kuti akubisa vuto la kuvuta kulira m'mawa. Yabwino imalira pa kiki yachiwiri kapena yachitatu ndi tchoko.

Tengani geji ya kompuresheni, ngakhale yobwereka. Chotsani pulagi, tsegulani moto wonse, menyani kiki mwamphamvu mpaka singano itasiya kukwera. Kuyambira 120 psi kupita m'mwamba ili bwino. Ikafika 100 kapena kutsika, werengerani kale mtengo wa pisitoni, maring'i, small end bearing (beringi ya pa pini ya pisitoni) ndi magasiketi. Geji ikasowa, kanikizani kiki ndi dzanja: ikamatsika mosavuta popanda pamene ikulimbirapo, injini yatopa.

Kenako masulani manati awiri a ekizozi pa silinda, muunike ndi tochi ya foni pa bowolo. Pisitoni mudzaiona ndi maso. Mizere yakuya yotsika kuchokera pamwamba ikutanthauza kuti inagwirapo chifukwa cha kutentha kapena kusowa oyilo. Wogulitsa akakana kuti mumasule manati awiri okha, yankho mwalipeza kale. Funsaninso kuti ili pa saizi yanji. Silinda ya DT ili ndi chitsulo m'kati, ndiye amaipanga rebore (kukulitsa bowo lake) n'kuikamo pisitoni yokulirapo ndi 0.25, 0.50, 0.75 mpaka 1.00 mm. Imene yafika kale pa 1.00 mm yatsala pang'ono kufuna silinda ina.

Chotsani chivundikiro cha kumanzere, mugwire magineto (flywheel yopanga magetsi) ndi manja awiri, muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Isamasewere n'komwe. Ikachita "khu khu", maberingi a crank apita, ndipo pamenepo ndi kung'amba injini pakati. Injini ikulira, mverani: kaphokoso ka "tiki tiki" pamwamba n'ka pisitoni yokhwepa, koma kugogoda kolemera pansi ndi big end, beringi ya pansi pa ndodo ya pisitoni.

Pomaliza tsegulani bokosi la fyuluta, muchotse siponji, mupitse chala m'khosi lopita ku kabuleta. Chikatuluka ndi fumbi, dziwani kuti injiniyo yakhala ikudya mchenga nthawi yonse ya chilimwe. Njinga za mabungwe zambiri zimafa ndi chimenechi: oyilo ankasintha pa nthawi yake, koma siponji inang'ambika kalekale popanda woiona.

MayiWaDT:

Zonse a Sipanala anena n'zoona, koma nkhani ya pampu aidumpha, ndipo ndi imene ingakuphereni injini msanga kuposa zonse.

Anthu amachotsa pampu ya Autolube, imene imathira yokha oyilo mu injini, poopa kuti idzasiya kugwira ntchito osadziwa. Kawirikawiri pampuyo siifa yokha. Chimene chimachitika n'chakuti kathanki ka oyilo kauma, mpweya walowa m'paipi, kapena kebulo yadukira m'kati. Kuikonza n'kosavuta: dzazani kathanki, masulani kasikuluu kotulutsira mpweya kamene kali pa pampu mpaka oyilo atuluke wopanda thovu, mangani, kenako onetsetsani kuti chizindikiro cha pa kagudumu ka kebulo chikulunjika pa kapini monga buku likunenera. Paipi yoonekera m'kati ndiyo yabwino chifukwa thovu mumaliona.

Pa DT ya Yamaha kuchotsa pampu sikuononga kanthu pakokha, chifukwa pampuyo imangothira oyilo m'njira yolowera mafuta. Chofunika n'chakuti bowo limene paipi inkalowera likhale lotsekedwa bwinobwino, apo ayi injini imayamwa mpweya pamenepo. Koma mukadzakumana ndi Suzuki TS185 kapena TF125 yochotsedwa pampu, thawani. Pa Suzuki pampu imatumiza oyilo mwachindunji ku beringi ya crank, ndiye kusakaniza m'thanki kokha sikuikwanira.

Ngati mutenge yosakaniza pamanja, funsani mwini wake kuti amathira wochuluka bwanji. Akayankha kuti "timangoyerekeza", onjezani kukayikira. Pa 32:1 (magawo 32 a petulo pa gawo limodzi la oyilo) ndi 156 ml pa malita 5 a petulo, pa 40:1 ndi 125 ml. Pa injini yozizira ndi mphepo yokwera mapiri ine ndinganene 32:1. Yezani ndi jekiseni wamkulu kapena botolo lolembedwa manambala, ndipo musakanize m'chigubu musanathire m'thanki. Gulani 2T (oyilo wa two-stroke) yolembedwa JASO FC kapena FD. Oyilo wa injini za boti wolembedwa TC-W3, amene amapezeka kwambiri ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, anapangira injini zozizira ndi madzi a m'nyanja, sayenera pa silinda yotentha ngati ya DT. Oyilo wa galimoto ndiye musayese dala: amasiya makala pa maring'i mpaka amamatirira.

China, petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol. Njinga ikakhala miyezi osayenda, ethanol amakoka chinyezi, thanki imachita dzimbiri m'kati, mapaipi a labala amauma n'kusweka. Unikani m'thanki ndi tochi, ndipo mumasule kasikuluu ka pansi pa kabuleta muone zotuluka. Ikani kafyuluta ka petulo pa paipi tsiku loyamba lomwe.

Zwelitsha_KDX:

Kwa ife tili ku Joni kuno, munthu akafunsa funso lotere yankho limakhala Kawasaki KDX200. Ndiyo inapangidwira ntchito mukunenayi: 198 cc, magiya 6 otalikirana bwino, thanki ya malita 11, mabuleki a disiki, tayala la 18 kumbuyo, ndipo imakoka kuyambira pansi. Mashoko ake DT singayandikireko. Anasiya kuipanga mu 2006, koma zilipo zambiri kuno.

Vuto ndi kumudziko. Silinda ya KDX, ngati ya YZ yomwe, ndi yokutidwa ndi kachitsulo kolimba kopyapyala m'kati, siyopanga rebore. Ikakalika muyenera kuitumiza kuno kuti akaikutenso, njinga n'kukhala pa njerwa miyezi iwiri. Ilinso ndi valavu ya KIPS pa ekizozi imene imamatirira ndi makala, timagiya take n'kuthyoka mano. Ngati muli ndi m'bale wotumiza masipeya pa basi, ganizirani KDX. Ngati mulibe, DT basi.

Koma za mapepala musachite nazo chibwana. Nambala ya pa khosi la fulemu ndi ya pa injini zifanane ndi za mu blue book, ndipo zisaoneke zopalidwa kapena zodindidwanso. Yochokera kunja ikhale ndi mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unalipidwa, apo ayi ku Road Traffic sakakulemberani, ndipo pa rodibuloko yoyamba mudzatsika n'kuyenda wapansi. Ya bungwe ija funsani kalata yogulitsira yochokera ku bungwelo.

Wakuchinamwali:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndapita ndi geji. DT125 yapereka 105 psi, pisitoni ili pa 0.25, pampu ikugwira, mapepala onse alipo. DT175 yapereka 130 psi, pisitoni yosalala, koma ndikasiya moto injini imakhalabe m'mwamba masekondi angapo isanatsike, ndipo pulagi ndi yoyererako. Utsi si wambiri. Mapepala alinso bwino. Kodi ndi kabuleta chabe?

Sipanala17:

Mwina, koma musamvere za "ndi kabuleta chabe" musanatsimikize. Kukhala m'mwamba kotero pamodzi ndi pulagi yoyera kukusonyeza kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuposa mafuta. Pulagi yathanzi imaoneka ngati tiyi wamkaka. Malo olowera mpweya wakuba ndi anayi: labala la pakati pa kabuleta ndi reed valve (valavu ya polowera mafuta mu injini) likang'aluka, bowo la pampu lija ngati sanatseke bwino, gasiketi ya pansi pa silinda, ndi oil seal ya crank ya kumanzere kuseri kwa magineto. Pilot jet (kabowo ka m'kabuleta kopereka petulo pa aidulo) yotsekeka ndi zinyalala za m'thanki imachitanso chimodzimodzi.

Injini ili pa aidulo, fayirani carb cleaner pang'ono pa labala lija ndi pa gasiketi. Kulira kukasintha, mwapeza. Kukapanda kusintha, onani kuseri kwa magineto: mukapeza chinyezi cha mafuta chakuda, ndi seal. Seal ya kumanzere imasinthika injini ili pa fulemu, mungofunika flywheel puller (chida chozulira magineto) yoyenera. Musalole aliyense kumenya magineto ndi hamala, amapinditsa crank. Poti utsi si wambiri, seal ya kumanja mwina ili bwino. Imeneyo ikatha injini imayamwa oyilo wa giya, utsi woyera wonunkha n'kumatuluka osaleka, oyilo wa giya n'kumachepa. Ngati magineto sikusewera, tengani 175, muchotsetse mtengo wa seal ndi labala. Koma musakwere nayo phiri musanakonze, chifukwa injini yotere imagwira pa chitunda chachitali.

Ikakhala yanu, thirani oyilo wa giya watsopano. Kuchuluka kwake kunalembedwa pa chivundikiro cha kilatchi pafupi ndi pothirira. Gwiritsani oyilo wa njinga, wa galimoto wina amaterereza kilatchi. Pulagi ndi NGK B8ES, mpata 0.7 mm, ndipo ina yapadera izikhala m'thumba pamodzi ndi sipanala yake. Siponji ya fyuluta muitsuke ndi palafini, kenako sopo ndi madzi, iume, muinyowetse ndi oyilo n'kufinya osaipotokola. Mu Okutobala, nthawi ya fumbi, tsukani siponjiyo ulendo uliwonse. Tcheni cha 428 ndi masipuloketi onse awiri sinthani limodzi, ndipo kutsogolo muchepetse dzino limodzi. Zikufanana ndi kuonjeza mano pafupifupi 3 kumbuyo, giya yoyamba imakwawa bwino pa miyala. Mpweya wa m'matayala 16 mpaka 18 psi ngati mulibe rim lock (kachitsulo kopanira tayala ku rimu). Mukatsitsa kuposa pamenepo tayala limazungulira pa rimu n'kuzula valavu ya chubu.

MayiWaDT:

Kuonjezerapo za majeti. Pamwamba pa phiri la Zomba, cha m'ma 1,800 m, mpweya ndi wopepuka ndipo njinga idzachita ngati ikutsamwa, pulagi n'kuda. Ena amathamangira kuika main jet (jeti yopereka petulo moto ukatsegulidwa wonse) yaing'ono. Ikayenda bwino kumwambako, koma tsiku lotsikira ku Chingale kapena ku Liwonde kotentha idzakhala ikusowa mafuta, pisitoni n'kugwira. Siyani jeti ya fakitale, ndipo ngati kutsamwako kwanyanya tsitsani singano ya kabuleta ndi mzere umodzi wokha. Potsika chitunda chachitali musangotseka moto muli m'giya, poti yanuyo oyilo amabwera ndi petulo: moto ukatsekedwa, oyilo nayenso wachepa. Gwirani kilatchi apa ndi apo, mupatse moto pang'ono, kenako mupitirire.