Zomwe ndapeza pa funso lija la mkangano wa anthu a m'mayiko awiri

Ndinafunsa kuti wogula ndi wogulitsa akakhala m'mayiko osiyana n'kukangana, khoti limagwiritsa ntchito malamulo a dziko liti. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Mafunso ake ndi awiri: khoti loti limve mlanduwo ndi liti, ndipo malamulo oweruzira ndi a kuti. Khoti la ku Paris likhoza kuweruza mlandu potsata malamulo a ku Germany.

Woweruza amayamba wayang'ana pangano lomwe anasainirana. Ngati anasankhiratu malamulo a dziko lina lake, nthawi zambiri khoti limalemekeza zimenezo. Akapanda kusankha, m'mayiko a European Union, kupatula Denmark, lamulo la Rome I la 2008 limati pa malonda a katundu nthawi zambiri atsate malamulo a dziko limene wogulitsa amakhala. Nkhani ya malo ndi nyumba imatsata malamulo a kumene malowo ali.

Chimene chandidabwitsa ndi cha makhoti a ku England. Kumeneko woweruza sapita kukafufuza yekha malamulo akunja. Amene akuwadalirayo ndiye abweretse katswiri adzawafotokoze ngati umboni, ndipo winayo akhoza kubweretsa wake womutsutsa. Ine ndikuona kuti apa wopanda ndalama amayamba mlandu atagonja kale.

Kupambana mlandu sikulandira ndalama ayi. Ngati chuma cha wolakwayo chili ku dziko lina, nthawi zambiri chigamulocho chiyenera kuvomerezedwanso ndi khoti la dziko limenelo, ndipo gawo limenelo ndi lomwe ndikuwerenga panopa.