Tifunse za mtundu ndi chipembedzo pa fomu ya mavolontiya?

Mapu_Chinamwali:
Abale ndithandizeniko nzeru. Tili ndi gulupu ya pa WhatsApp ya anthu odzipereka, timajambula mapu pa OpenStreetMap (mapu a pa intaneti omwe aliyense angathe kuwonjezerapo), tinayamba nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 ndipo pano tilipo 40, ambiri akuno ku Zomba. Tikufuna kupanga kafukufuku pa Google Forms kuti tidziwe amene tikuwasiya m'mbuyo, chifukwa ine ndikamaona mayina ndimaona ngati Asilamu ndi ochepa chonsecho ku Songani, ku Domasi mpaka ku Malosa mizikiti ili ponseponse. Ndiye kuli bwino kufunsa kuti ndinu mtundu wanji komanso mumapemphera kuti? Fomu yomwe tinatenga pa intaneti inali ndi funso la khungu la ku America, White, Black, Hispanic, limenelo ndachotsa kale.

Aphunzitsi_Domasi:
Achimwene, a NSO, ofesi ya boma yowerenga anthu, omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba anafunsa zonse ziwiri pa kalembera wa 2018, nchifukwa chake tikudziwa kuti Achewa ndi 34.4 peresenti, Alomwe 18.9, Ayao 13.3, komanso Asilamu 13.8. Komatu iwowo anawerenga anthu opitirira 17.5 miliyoni, munthu amasowa pachigulu. Inu mulipo 40 basi. Wina akalemba kuti ndi Mtonga, wa Anglican, wamkazi, amakhala ku Matawale, gulupu yonse idziwa kuti ndi uje ngakhale dzina palibe, ndiye zoipa zomwe wadandaula pansi pa fomupo mudziwanso kuti zachokera kwa ndani. Apa ndi pomwe pakundidetsa nkhawa ine.

Nachisale_Jali:
Ine funso la mtundu limandipweteka zoona. Amayi ndi Alomwe a ku Jali, abambo ndi Atumbuka a ku Rumphi, kwa amayi amati mwana ndi wa kuchikazi, kwa abambo amati tinalowola ndi wathu, koma ineyo Chilomwe sindiyankhula, Chitumbuka ndimangomva, ndiye ndichonge pati? Komanso enafe tinakula ndi nkhani ya quota, yosankha ophunzira opita ku yunivesite potengera boma lomwe akuchokera, munthu akangofunsa kuti kwanu nkuti mtima umayamba wagunda kaye. Funsani zilankhulo zomwe munthu amatha, ndipo alole kuchonga zingapo, zimenezo zikuthandizaninso pofuna munthu wokacheza ndi mafumu m'Chiyao.

Umm_Songani:
Ine ndine Msilamu ndipo ndikuti musangosiya, chifukwa mukapanda kufunsa vutolo simuliona. Ndinatuluka mu gulupu ina chifukwa maphunziro ankawaika Lachisanu masana nthawi ya Jumu'ah, mwezi wa Ramadan amvekere tikumane 5 koloko madzulo pomwe ine ndili pamoto kukonza zofuturu, palibe anandifunsapo. A Seventh Day nawonso Loweruka zimawavuta. Ndiye funsani kuti ndi masiku ati ndi nthawi ziti zomwe simungabwere, ndipo chifukwa chake alembe yekha ngati akufuna. Mpingo kapena mzikiti wake usakhale funso lokakamiza. Muonenso Data Protection Act ya 2024, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, za chipembedzo ndi mtundu sizosunga mwachisawawa.

Mapu_Chinamwali:
Asisi mwandikhudza, ma training athu atatu apitawa onse anali Lachisanu 12 koloko, sindinaganizeko nkomwe. Funso la mtundu ndalichotsa, ndaika la zilankhulo ndi la masiku, la dera ndangosiya boma osati mudzi. Mayankho tiziona anthu awiri okha. Kodi mungalole ndikutumizireni fomuyo kaye muione tisanaiponye pa gulupu?