Zowonjezera pa funso la nthawi yopitira ku London

Pa funso lija la mlimi wa ku Kasungu wofuna kukakhala miyezi 3 kwa mwana wake ku London, tinati anyamuke mu June. Kwa wa chimanga zili bwino: wakolola kale, adzabwerera mvula isanagwe. Wa fodya ayi. Msika wa fodya wa ku Chinkhoma umakhala uli mkati, ndipo nazale imafuna mwini wake pofika September. Ameneyu afupikitse ulendo.

Matikiti amakwera mtengo mu July ndi August, sukulu za kumeneko zikatsekera. Visa ya alendo mumafunsira kutatsala miyezi yosapitirira 3 kuti munyamuke. Yankho kawirikawiri limatenga masabata 3, choncho musagule tikiti yankholo lisanabwere. Achikulire December aipewe ndithu: kumazizira koopsa, dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana.